Chipale chagwa, sukulu yatsekedwa: anawa ndiwatani?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, wa zaka 3, wa zaka 7 ndi wa zaka 11. Tinabwera ku Scotland chaka chathachi kuchokera ku Zomba ndipo tikukhala ku Paisley. Sabata yatha kunagwa chipale chofewa, sukulu inatsekedwa, bambo a kunyumba anali ku ntchito. Ana ankalirira kutuluka koma ndinawakaniza poopa chibayo. Tsiku lonse linathera pa TV ndi kukangana. Kukadzagwanso tingachite chiyani choti tonse tisangalale, popanda kuwononga ndalama zambiri komanso popanda kudwalitsa ana?

Yankho

Mayi, kukadzagwanso muwatulutse, ndipo inunso mutuluke nawo. Musayambe mwatsuka mbale kapena kukolopa, chifukwa chipale cha ku Paisley, ku Glasgow ndi madera ena a kumunsi kuno sichikhalitsa. Chimagwa usiku, m'mawa kunja kuli mbee, pofika masana kwayamba kuwaza kamvula ndipo chasanduka matope otuwa m'mbali mwa msewu. Zaka zina nyengo yozizira imatha chitangogwa mwa apo ndi apo. Dzuwa nalo silichedwa: kumapeto kwa Disembala limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo. Tsiku la chipale ndi la m'mawa. Ntchito za pakhomo mudzazipeza.

Mantha anu a chibayo ndikuwamvetsa, tonse tinakula tikuuzidwa kuti mphepo imalowa m'chifuwa. Koma chimfine ndi chibayo zimabwera ndi tizilombo, mavairasi ndi mabakiteriya, ndipo timafala mosavuta anthu akathithikana m'nyumba yotseka mawindo. Ine ndimagwira ntchito ndi ana a nazale kuno, ndipo timawatulutsa panja kaya kukuzizira kaya kukuwaza. Chimene chimavulaza mwana pa chipale ndi kunyowa. Wovala zouma amasewera ola lathunthu mpaka kutuluka thukuta, koma masokosi akangonyowa sipatenga nthawi wayamba kulira. Jinzi ndi zovala za thonje musamuveke tsiku lotere, zimamwa madzi n'kumamatira pathupi. Muvekeni zopyapyala zingapo zosanjikiza: m'kati kamalaya kogwira thupi kosasunga thukuta, pamwamba pake juzi, kunja jekete ndi thalauza zosalowa madzi. Thalauza imeneyi ndi imene makolo obwera kumene amaiwala, chonsecho mwana pa chipale amakhalira kugwada ndi kukhala pansi. Kumapazi magambutsi okulirapo pang'ono ndi masokosi okhuthala, poti nsapato yothina imaletsa magazi kuyenda bwino ndipo phazi limazizira msanga. Wamng'onoyo mugulireni magolovesi aja osalekanitsa zala, ongopatula chala chachikulu chokha, amafunda kuposa enawa komanso savuta kuveka. Ena apadera muike m'thumba lanu, oyambawo anyowa ndithu. Milomo ndi masaya muwapake Vaseline asanatuluke. Zonsezi zimapezeka motchipa m'masitolo a kaunjika aja amati charity shop, ndipo zovala zodula za anthu otsetsereka m'mapiri musavutike nazo, chaka chamawa zidzakhala zitawachepera.

Pali ana amene amafuna kusamala kwapadera. Wa mphumu mpweya wozizira umamubanika, choncho mumukulunge sikafu momasuka pamphuno ndi pakamwa, mankhwala ake opopera akhale m'thumba. Wa matenda a magazi aja a sickle cell kuzizira kumatha kumuyambitsira ululu woopsa, ndiye za ameneyo kambiranani kaye ndi adokotala ake. Kwa mwana aliyense, akayamba kunjenjemera mosalekeza, kukhala duu, kapena akati zala zachita dzanzi, masewera athera pomwepo. Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho muziyang'ana nsonga za zala, makutu ndi mphuno ngati zatuwa kapena zauma gwa. Zikatero viikani malowo m'madzi ofunda, osati otentha, osatikita komanso osagunditsa pa hita. Dzanzi likapanda kuchoka imbani 111, nambala yofunsira malangizo a zaumoyo.

Tsono za masewerawo. Ngati chikugwabe pamene mukutuluka, yambani ndi chinthu chaching'ono chimene ambiri amachidumpha. Tengani kansalu kakuda kapena kapepala kakuda, mukasiye panja mphindi zingapo kuti kazizire, kenako muwakhirepo tizidutswa ta chipale tikamagwa. Muwauze ana ayang'anitsitse asanapumirepo. Kachidutswa kakagwa kosasweka, adzaona kanyenyezi ka nthambi zisanu ndi imodzi, chifukwa ndi mmene madzi amalumikizirana akamaundana m'mitambo. Wa zaka 11 uja mumuuze kuti mlimi wina wa ku Jericho, m'boma la Vermont ku America, dzina lake Wilson Bentley, anayamba kujambula tizidutswa timeneti mu 1885 ndipo anajambula toposa 5,000 pa moyo wake. Mumupatse foni ayese naye. Aona kuti si chapafupi, kachidutswa kamasungunuka asanadine.

Mukatero yesani chipalecho m'manja. Chikagwirana mukachifinya, mwachita mwayi, ndi choumbira. Chimagwirana chotere kukazizira pafupi ndi digiri 0, chifukwa chimakhala ndi timadzi pang'ono timene timamata. Kukazizira kwambiri chimauma n'kumangomwazika m'manja, tsiku limenelo n'lotsetsereka basi, osati loumba. Mwamwayi cha kuno kumadzulo nthawi zambiri chimakhala chonyowa.

Aliyense amathamangira kuumba munthu wa chipale, ndipo n'zoona amasangalatsa. Mumayamba ndi kampira ka m'manja n'kumakagubuduza pansi, mukusinthasintha kolowera kuti kakule mozungulira bwino. Mipira iwiri kapena itatu mwasanjikiza, karoti pamphuno, timiyala m'maso, timitengo m'manja. Chitenje chakale mukamumangirira m'chiuno ndi duku kumutu, anthu odutsa amaima n'kufunsa, macheza ayamba. Koma ine chimene ndimakonda kwambiri, ndipo chimagwira ana a misinkhu yosiyana ngati anuwa nthawi yaitali, ndi kuumba njerwa. Chikombole chake ndi kontena ya pulasitiki ya makona anayi, ija inabwera ndi ayisikirimu kapena majarini. Wa zaka 3 amatapa chipale n'kuthira, wa zaka 7 amashindira ndi manja mpaka chilimbe n'kugubuduza chikombole, wamkuluyo ndiye mmisiri. Mumuonetse kuti njerwa ya pamwamba imakhala pakati pa ziwiri za pansi, ndipo m'mipata amamatamo chipale chofewa ngati dothi. Khoma lozungulira lofika m'chiuno limakwana. Denga musaike la chipale, likagumuka ndi lolemera kuposa mmene limaonekera, ingoyalani pamwamba nsalu yakale. Mukathira madzi m'mabotolo n'kudonthezeramo utoto wa zakudya uja timaika mu keke, n'kuboola kachitsekero, ana amapenta khomalo ndi kulembapo mayina awo. Madzulo kukada muike tochi m'kati, muone kuchokera pawindo.

Fulaye amaseweredwa bwino kwambiri ndi mipira ya chipale, ndipo apa ndi pamene ana anu adzadabwe kuti amayi awo amatha kuzinda. Lamulo likhale limodzi losasintha: kumaso ayi, ndipo mpira wa m'mbali mwa msewu ayi, umakhala ndi timiyala ndi mchere.

Kutsetsereka ndiye mtima wa tsikuli. Sledge ya pulasitiki, chokhalira chija chotsetserekera pa chipale, muigule panopa chisanagwe, chifukwa m'mawa wa chipale m'masitolo imatha ola loyamba. Ikasowa, thumba lolimba la pulasitiki loikamo khushoni yakale limatsetsereka, kungoti silimva kuwongolera. Kwanuko kuli zitunda za Gleniffer Braes kumwera kwa tauni, ndipo ku Glasgow anthu amadzaza ku Bellahouston Park ndi ku Queen's Park, koma kwa ana anuwa kachitunda kalikonse ka paki ya pafupi kamene mungafike wapansi ndi kabwino kuposa kutulutsa galimoto pa msewu woterera. Posankha malo musayang'ane pamwamba, yang'anani pothera. Pansi pake pakhale chidikha chachitali choti sledge iime yokha, popanda msewu, mpanda, mitengo, benchi kapena madzi. Mwana akhale tsonga miyendo kutsogolo, asagone chafufumimba mutu kutsogolo ngakhale aone anzake akutero. Chipewa cholimba cha panjinga ngati chilipo avale. Pokwera azidzera m'mbali, osati pakati pamene anzawo akutsika, ngozi zambiri zimene ndaona ndi za kugundana kotere. Wa zaka 3 atsike ndi inu, mutamuika pakati pa miyendo, zidendene zanu ndiwo mabuleki. Musachite manyazi, pachitunda paja pamakhala agogo enieni akutsetsereka n'kumakuwa.

Dziwani kuti wamng'onoyo atopa msanga, mwina theka la ola lokha, pamene wa zaka 11 angakonde kuswera konko. Fulasiki ya tiyi wamkaka kapena koko ndi mbatata yootcha yokulunga bwino zimawonjezera nthawi pang'ono. Ngati pali kholo la mnzake wa kusukulu limene mukulidziwa, wamkuluyo mutha kumusiya nalo inu n'kubwerera ndi ang'onowo. Tsiku la chipale anthu a kuno amamasuka modabwitsa, aneba amene chaka chonse mumangogwedezerana mutu amayamba kucheza. Mukaona pakhomo pa nkhalamba sipanapalidwe, mutume wamkuluyo ndi fosholo akalambule kanjira ka m'mbali mwa msewu, n'kuwazapo mchere wa m'mabokosi achikasu aja a khonsolo amaika m'makona a misewu. Mcherewo ndi wothira m'njira za anthu onse, osati wotutira kunyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera nacho, ndipo muwauze anawo musanatuluke, mowayang'ana m'maso. Madzi oundana a padziwe, pamtsinje kapena pangalande sapondedwa, ngakhale m'mphepete, ngakhale mpira kapena galu wathamangirapo. Kuzizira kwa ku Britain nthawi zambiri sikulimbitsa ayezi mokwanira kunyamula munthu. Mu Disembala 2022 anyamata anayi, a zaka 6, 8, 10 ndi 11, anamwalira atagwera m'madzi ayezi atabooka pa dziwe la Babbs Mill Lake ku Solihull, kufupi ndi Birmingham. Chipale chikakuta dziwe limaoneka ngati bwalo, ndipo mwana wobwera kumene sangasiyanitse. Mapaki ambiri a kuno ali ndi maiwe, choncho pitani ku paki imene munaiona kale kopanda chipale. Mukaona wina wagweramo musamutsatire: imbani 999, nambala ya zangozi, mumuponyere chingwe, sikafu kapena nthambi inu muli kumtunda. Ayezi wina woopsa ndi wa panjira, uja saoneka, makamaka m'mawa wotsatira chipale chikasungunuka n'kuundananso usiku. A zaumoyo kuno amalangiza kuyenda ngati mbalame ija yotchedwa penguin, timapazi tifupitifupi, thupi loweramira kutsogolo pang'ono, manja kunja kwa matumba. Ana amakuona ngati sewero ndipo amakugwira msanga.

Si tsiku lililonse la chipale limene ndi lotuluka. A zanyengo a Met Office amapereka machenjezo a mitundu itatu, lachikasu, la amber (la mtundu wa lalanje) ndi lofiira. Lachikasu mutha kusewera pafupi ndi nyumba. La amber musayende ulendo, pabwalo la pakhomo pakwana ngati kulibe chimphepo. Lofiira khalani m'nyumba. Silibwera kawirikawiri, koma linaperekedwa pa 28 Febuluwale 2018 m'chigawo chapakati cha Scotland, nthawi ya chimphepo chija anachitcha Beast from the East, ndipo anthu mazanamazana anagona m'magalimoto pa msewu wa M80.

Mukabwerera m'nyumba, zonyowa zonse zivulidwe pakhomo pomwepo, m'magambutsi mufwatikemo nyuzipepala kuti aume. Koma musabwere chimanjamanja, tapani chipale choyera m'poto ndi m'beseni. Cha m'potocho chidzaze mpaka pakamwa osashindira, aliyense alembe mzere pamene akuganiza kuti madzi afika chikasungunuka. Onse amalemba pamwamba kwambiri. Madzi amatsala pansi penipeni, kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposerapo pang'ono ngati chinali chonyowa, chifukwa mbali yaikulu ya chipale ndi mpweya. Muwaonetsenso tizinyalala totsalira m'madzimo, adzasiya okha kuchidya.

Cha m'beseni ndi cha ayisikirimu. M'kathumba ka pulasitiki kotseka bwino thirani theka la kapu ya mkaka, ngati pali kirimu musakanizeko, supuni imodzi yaikulu ya shuga ndi kadontho ka vanila. Tulutsani mpweya, tsekani. Kathumbako kalowe m'thumba lalikulu limene mwathiramo chipale mpaka pakati ndi masupuni asanu ndi imodzi a mchere wa kukhitchini. Likulungeni pathaulo, ana azikhutchumula mosinthana kwa mphindi khumi. Mchere umasungunula chipale pamene chikuzizirabe kwambiri, ndipo madzi amcherewo amatsika kutali pansi pa digiri 0, akhoza kuyandikira -20, ndiye mkaka uja umaundana. Pa chifukwa chomwecho thumbalo asaligwire ndi manja opanda kanthu nthawi yaitali, limawotcha khungu. Kathumba kakang'onoko mukatsuke kunja musanatsekule, apo ayi mudya ayisikirimu wamchere.

Maola a mdima ndi ambiri, kuyambira 4 koloko mpaka nthawi yogona, ndipo ndi pamene mikangano ija imayambira. TV sindiidana nayo, filimu imodzi mutafunda bulangete limodzi nonse ndi gawo la tsikuli. Koma isanafike nthawi imeneyo alowetseni kukhitchini. Mandasi amapatsa aliyense chochita: wina akanda, wina adula, wamng'ono aumba tinyama take tosadziwika mutu wake, inu nokha ndiye muli pa mafuta. Pamene ufa ukufufuma jambulani bawo pa katoni, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, nyemba zouma 64 zikhale njere, koma mumuyang'anire wa zaka 3 asaike nyemba m'mphuno. Mukatha kudya zimitsani magetsi, yatsani tochi, muyambe "Padangokhala" muone ngati akukumbukira kuyankha kuti "Tili tonse." Ana amene akhala kuno chaka chimodzi Chichewa chimayamba kuwapulumuka mwakachetechete, ndipo nthano za Kalulu ndi ndagi zimachibweza mosawakakamiza. Agogo ku Zomba muwaimbire pa WhatsApp mukadali panja kukuwala, aone zidzukulu zili pa sledge. Kumudzi amakhala patsogolo ndi maola awiri nyengo ino, ndiye 11 koloko yanu ndi 1 koloko yawo.

Mawu amodzi okhudza kufunditsa nyumba, poti mabilu a gasi amawawa ndipo maganizo amabwera. Mbaula, makala kapena chootchera nyama zisalowe m'nyumba, ngakhale magetsi atazima. Nyumba za kuno n'zotsekeka kwambiri ndipo mpweya wa carbon monoxide sununkha, umapha anthu ali m'tulo. Onetsetsani kuti alamu yake ilipo ndipo ikugwira ntchito. Poti tili pa za umoyo, dzuwa la kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi silikwanira kuti thupi lipange vitamini D, ndipo a NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amalangiza mamaikirogiramu 10 patsiku, kwa ife a khungu lakuda chaka chonse. Za mlingo wa mwana aliyense funsani ku famase.

Mawa lake chipale chikakhala chidakalipo, dzukani msanga mukaone mapazi a nyama anthu asanapondeponde. Nkhandwe za m'tauni zimasiya mzere woongoka, mapazi a galu amangoti balala, a agologolo amathera patsinde la mtengo. Mbalame zimavutika chakudya nyengo imeneyi, ndiye kambale ka madzi osaundana ndi njere pawindo zimakopa kambalame ka chifuwa chofiira kotchedwa robin ndi zinzake. Kumapeto kwa Januwale bungwe loteteza mbalame la RSPB limachititsa kalembera wa mbalame wotchedwa Big Garden Birdwatch, amene anayamba mu 1979: mumakhala ola limodzi kuwerenga mbalame zotera pakhomo kapena m'paki n'kutumiza chiwerengerocho pa intaneti. Wa zaka 7 ndi msinkhu wake weniweni. Likakhala tsiku la matope okhaokha koma sitima zikuyenda, kuchokera pa Paisley Gilmour Street kufika Glasgow Central ndi mphindi zochepa, ndipo ku nyumba zoonetserako zinthu zakale za Kelvingrove ndi Riverside Museum kulowa ndi ulere, m'kati mofunda. Ana a zaka 5 mpaka 21 okhala ku Scotland amakwera basi ulere kuyambira 2022 akakhala ndi khadi lake, ngati simunawatengere funsani kusukulu kapena ku khonsolo.

Ndalama ikadzapezeka, ulendo umodzi wa ku Aviemore ndi woyenera, pafupifupi maola atatu pa sitima kuchokera ku Glasgow Queen Street. M'mapiri a Cairngorms chipale chimagwa chambiri ndipo chimakhalitsa kuposa kuno kumunsi. Ku Glenmore, kufupi ndi Loch Morlich, kuli gulu la nyama zonga agwape zotchedwa reindeer, zimene Mikel Utsi anabwera nazo kuchokera ku Sweden mu 1952, ndipo zimayenda momasuka m'phiri. Kukaziona kumafuna kulembetsa pasadakhale komanso pali masabata ena a nyengo yozizira amene amatseka, choncho funsani musanagule matikiti a sitima. Njira yokwera kumene zili ndi yovuta kwa mwana wa zaka 3, mwina ameneyo adikire chaka chamawa kapena abambo ake akonzeke kumubereka. Musankhe tsiku limene iwo ali pa ofu, ana atatu paphiri amafuna akuluakulu awiri.